Chigubu, jumbo, thumba ndi paipi: ndi catalyst iti yomwe ikutiyenera kuno ku chigwa?

Tsiku la msika pa Nchalo kapena pa Ngabu zinthu zinayi izi simungazisowe: chigubu chachikasu cha malita 20, jumbo yoikamo tomato, thumba la feteleza lomwe pano wina wathiramo makala, ndi paipi yakuda ija ya mthirira. Tonse timangoti pulasitiki basi. Koma chigubu, jumbo ndi paipi zachokera ku mpweya umodzi womwewo wotchedwa ethylene, thumba lokha ndi lomwe lachokera ku mnzake propylene. Nde zikutheka bwanji mpweya umodzi kubereka jumbo yomwe imang'ambika ndi chala komanso paipi yomwe ngolo ya ng'ombe imaponda osasweka? Nkhani yagona pa kachitsulo kochepa zedi komwe amaika mu reactor, thanki yopangiramo pulasitikiyo, kuti kazilumikiza mpweyawo, catalyst. Njira zikuluzikulu zilipo zinayi ndipo iliyonse ili ndi khalidwe lake, ndiye tiziyese pamodzi, makamaka inu ana a sukulu amene chemistry mumangoiona pa bolodi ndi inu achimwene amene mukugula mapaipi a ku dimba.

Poyamba timvane kaye za organometallic. Apa tikunena mankhwala omwe atomu ya chitsulo yagwirana mwachindunji ndi atomu ya carbon. Si zachilendo ayi, William Zeise wa ku Denmark anapanga kale mchere wa platinum wogwirana ndi ethylene cha m'ma 1827, Edward Frankland anabwera ndi za zinc mu 1849, Victor Grignard za magnesium mu 1900 mpaka analandira nazo Nobel mu 1912. Pa nkhani ya pulasitiki zimayenda chonchi: titanium imakhala itagwira carbon mbali imodzi, mbali inayo pali malo opanda kanthu. Ethylene imafika nkukhala pamalo paja, kenako imadzilowetsa pakati pa titanium ndi carbon uja, basi unyolo watalika ndi ma carbon awiri, malo aja atsegukanso, ina yafika, yalowa, ina yafika, kambirimbiri pa kanthawi kochepa mpaka unyolo wa ma carbon masauzande. Cossee ndi Arlman ndi omwe anafotokoza kayendedwe kameneka mu 1964. Chitsulocho sichitha, chimangogwira ntchito, nchifukwa chake kochepa kokha kamatulutsa katundu wambiri.

Chomwe chimasiyanitsa pulasitiki ndi maonekedwe a unyolowo. Mangani mtolo wa bango la m'mbali mwa Shire, limagonerana bwinobwino, mtolo wothina, wolemera, wosapindika. Mangani mtolo wa nthambi zaminga, mipata thoo, wopepuka, ukaukanikiza umabonyoka. Maunyolo owongoka ndiye HDPE wa chigubu ndi paipi, maunyolo anthambinthambi ndiye LDPE wofewa uja. Mpikisano wonse wa ma catalyst uli pa funso lomweli, ndani angalamule bwino kutalika kwa unyolo ndi kuchuluka kwa nthambi, ndipo pa mtengo wanji.

Njira yakale kwambiri ilibe chitsulo nkomwe, koma sitingaisiye chifukwa ndi yomwe enawo ankathawa. Mu 1933 Reginald Gibson ndi Eric Fawcett a kampani ya ICI ku Northwich, England, ankapanikiza ethylene pa puresha yoopsa ndipo anangopeza tinthu toyera taphalaphala mkati mwa chipangizo chawo. Zinadzadziwika pambuyo pake kuti ka oxygen kochepa komwe kanalowa mwangozi ndi komwe kanayambitsa zonse. Fakitale inayamba mu 1939 ndipo pa nkhondo yachiwiri pulasitiki ameneyu ankakutira mawaya a radar. Mpaka lero njirayi imafuna puresha ya pakati pa 1,000 ndi 3,000 bar ndi kutentha kofika 300°C. Kuti mumvetse, tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa 2 bar ndi kakusefukira. Nde tangoganizani makulidwe a zitsulo za reactor imeneyo, ma compressor ake, magetsi omwe amadya. Kuno komwe magetsi amatha kuzima pakati pa mpira ngakhale kulota sitingalote. Komanso popeza palibe chitsulo cholamula, unyolo umakula mwachisawawa, umadziluma wokha, nthambi zazitali ndi zazifupi paliponse. Zotsatira zake ndi LDPE, nambala 4 pa kachizindikiro ka makona atatu kaja, wolemera pafupifupi 0.92 poyerekeza ndi madzi, wosungunuka cha pa 110°C.

Mwina mukuganiza kuti njira imeneyi inafa kalekale, ayi ndithu. Nthambi zazitali zija zimapangitsa kuti akamufufumitsa kukhala pepala asaphulike, amaoneka mbee, amamatika msanga ndi kutentha, komanso mulibe zotsalira za chitsulo, chomwe chili chofunika pa mawaya a magetsi amphamvu. Ma catalyst onse apamwamba aja akulepherabe kukopera nthambi zimenezi ndendende.

Yachiwiri ndi ya Phillips, ndipo ine ndimaona kuti imeneyi anthu saipatsa ulemu wokwanira, m'mabuku ambiri imangotchulidwa mzere umodzi. Mu 1951 J. Paul Hogan ndi Robert Banks ku Bartlesville, Oklahoma, ankafuna kupanga zosakaniza mu petulo, anathira chromium pa catalyst yawo nkuona chipangizo chatsekeka ndi zinthu zoyera zolimba. Catalyst yake ndi yosavuta kuifotokoza: chromium oxide yopakidwa pa silica. Amaiwotcha mu mpweya wouma pa kutentha kwa 500°C mpaka 900°C, nkuiika mu reactor, basi. Sifuna mnzake woidzutsa ngati zinazi. Ena amatsutsa kuti aaa imeneyi si organometallic, mulibe carbon, koma ikangokumana ndi ethylene chromium ija imasintha nkugwirana ndi carbon momwemo mu reactor, ndiye imadzipanga yokha kukhala organometallic ili pa ntchito. Akatswiri akhala akukangana kwa zaka makumi ambiri za momwe unyolo woyamba umayambira pa chromium, fakitale zikungopanga ndalama osadikira kuti mkangano uthe. Puresha yake ndi cha m'ma 40 bar, kutentha cha m'ma 100°C, kusiyana kwake ndi ICI ndi kwakukulu.

Mphamvu ya Phillips ndi yakuti imatulutsa maunyolo osakanikirana, ena aatali kwambiri ena aafupi. Zikumveka ngati vuto koma kwa wopanga chigubu ndi dalitso, chifukwa chigubu amachipanga pochita kuuzira mpweya mu pulasitiki wotentha wolendewera, ndiye aafupi amathandiza kuti aziyenda mu mashini, aatali amagwira kuti asagwe asanaumbike. Zigubu, migolo ya buluu, mabotolo a mankhwala a thonje, zambiri mwa izi ndi HDPE ya chromium. Poyamba kampaniyo inasowa kogulitsa pulasitiki wake wotchedwa Marlex, nkhokwe zinadzaza, chomwe chinawapulumutsa ndi chidole chozunguza m'chiuno chija cha hula hoop mu 1958 kkkk. Zofooka zake: chromium ikakhala pa mlingo wa +6, momwe imakhalira ikangochoka mu ng'anjo, ndi poizoni woyambitsa khansa, ogwira ntchito amayenera kudziteteza kwambiri, ngakhale kuti mu chigubu chomalizidwa mumatsala kochepetsetsa komanso kosinthika kale. Siimvera hydrogen bwino, pomwe hydrogen ndi yomwe enawo amadulira unyolo pa mlingo womwe akufuna. Ndipo pa polypropylene ya malonda sipikisana nawo, ngakhale kuti Hogan ndi Banks anaipanga nawo koyambirira mpaka khoti la ku America linadzawapatsa patent yake mu 1983 patadutsa zaka pafupifupi 30 akulimbana.

Tsopano Ziegler-Natta, apa tikhalitsapo chifukwa ndi yomwe yanyamula katundu wambiri amene timagwira tsiku ndi tsiku. Karl Ziegler ankagwira ntchito ku Max Planck Institute ku Mülheim, Germany, ndi mankhwala a aluminium ogwirana ndi carbon. Tsiku lina ntchito inakanika, m'malo mwa maunyolo ankangopeza butene, ma ethylene awiri okha ogwirana, atafufuza anapeza kuti mu chipangizo munatsalira ka nickel. Nde anaganiza kuti ngati chitsulo chimodzi chikudula unyolo, mwina china chingautalikitse, anayamba kuyesa zitsulo chimodzichimodzi. Mu 1953 zirconium inagwira, titanium inagwira koposa, polyethylene wowongoka pa puresha wamba ndi kutentha wamba, chinthu chomwe ICI inkafunira ma bar masauzande. Giulio Natta wa ku Milan, Italy, anatenga catalyst yomweyo nkuiyesa pa propylene mu Marichi 1954. Propylene ili ndi kamchira ka carbon imodzi, ndipo timichira timeneti tikaloza mbali zosiyanasiyana umapeza zomatamata zopanda ntchito, koma catalyst ya titanium inatha kutiyika tonse mbali imodzi, zomwe amazitcha isotactic. Apo ndi pomwe panabadwira thumba la feteleza, chingwe cha buluu chomangira mbuzi, mpando wa pulasitiki wa pa maliro, ndowa. Kampani ya Montecatini inayamba kupanga ku Ferrara mu 1957, awiriwa analandira Nobel mu 1963.

Catalyst imeneyi imayenda ndi zinthu ziwiri, titanium chloride ndi mnzake woidzutsa, kawirikawiri triethylaluminium. Ameneyu ndiye chilombo chenicheni. Ndi madzimadzi oyera osaoneka zoopsa koma akangokhudzana ndi mpweya amayaka okha popanda machesi, akakumana ndi madzi amaphulika, ndiye moto wake sungauzime ndi madzi. Amasungidwa mu nitrogen, mapaipi onse ouma gwa, ethylene yolowa mu reactor amaisefa mpaka madzi, oxygen ndi carbon monoxide zitsale pa mlingo wa magawo ochepa pa miliyoni. Amene munakhalapo kuno mwezi wa February chinyezi chikuchita kumata malaya pamsana mukudziwa kuti labu yogwira zinthu zimenezi ingafune chisamaliro chotani. Nchifukwa chake ophunzira organometallic amayamba ndi kuphunzira kugwira ntchito mu magalasi otsekedwa odzaza nitrogen kapena argon asanakhudze nkomwe mankhwalawo.

Ma catalyst oyambirira anali aulesi, titanium yambiri inkakhala mkati mwa kristalo osagwira ntchito, moti pulasitiki ankayenera kuchapidwa ndi alcohol kuchotsa zotsalira, ndalama zambiri zinkathera pamenepo. Kusintha kwakukulu kunabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 pomwe Montedison ku Italy ndi Mitsui ku Japan anayamba kupaka titanium pamwamba pa magnesium chloride. Titanium yambiri inabwera poyera, galamu imodzi ya catalyst inayamba kutulutsa makilogalamu makumimakumi a pulasitiki, zochapa zija zinatha, zotsalira amangozisiya momwemo chifukwa nzochepa zedi. Kuwonjezera apo imamvera hydrogen bwino, ukafuna unyolo waufupi umangowonjezera hydrogen, ndiye fakitale imodzi itha kupanga mitundu yambiri. Ukasakanizamo pang'ono butene, hexene kapena octene, abale a ethylene otalikirapo, umapeza nthambi zazifupi zochita kuikidwa dala, ameneyo ndiye LLDPE, yemwe Union Carbide inamufalitsa ndi njira yake ya Unipol kuyambira 1977. Pa hexene ndi octene anzathu a ku South Africa ali patsogolo, Sasol ku Secunda imazitulutsa kuchokera ku malasha, ndipo akatswiri ake anatulukira mu 2004 catalyst ya chromium yolumikiza ma ethylene anayi okha kukhala octene, yomwenso ili organometallic.

Chofooka cha Ziegler-Natta nchakuti pa kambewu kamodzi ka catalyst pali ma titanium okhala mosiyanasiyana, wina pakona, wina pakati, aliyense akupanga unyolo wake. Ndiye hexene uja amakonda kulowa kwambiri mu maunyolo aafupi pomwe ife timamufuna mu aatali. Mu pepala zotsatira zake ndi timaunyolo tatifupi tamafutamafuta, pepala losawala kwenikweni komanso losalimba mpaka pomwe likanafika.

Apa ndi pomwe metallocene inalowera. Banja limeneli linayamba ndi ferrocene mu 1951, atomu ya iron pakati, mphete ya ma carbon asanu pamwamba, ina pansi, ndipo Ernst Otto Fischer ndi Geoffrey Wilkinson analandira Nobel mu 1973 chifukwa cha mankhwala a mtundu umenewu. Kwa nthawi yaitali ma metallocene a titanium ndi zirconium anali ofooka pa kupanga pulasitiki, mpaka Hansjörg Sinn ndi Walter Kaminsky ku Hamburg chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anaona kuti timadzi tochepa tikalowa mu trimethylaluminium, zomwe aliyense ankaziopa, pamapangika chinthu china chotchedwa MAO chomwe chimadzutsa zirconium modabwitsa. Hans Brintzinger ku Konstanz anamangirira mphete ziwiri zija ndi kamlatho kuti zisamazungulire, zikatero catalyst imatha kusankha mbali yomwe propylene ilowere. Exxon inayamba kugulitsa pulasitiki wa metallocene mu 1991, Dow inatsatira ndi mtundu wake patangopita zaka zochepa.

Ubwino wake ndi woti atomu iliyonse ya zirconium ili pamalo ofanana ndi inzake, ndiye maunyolo amatuluka ofanana kutalika, nthambi zogawidwa mofanana. Katswiri atha kukhala pansi nkusintha kamphete kaja, kuwonjezera kagulu apa kuchotsa apo, nkudziwiratu pulasitiki yemwe atuluke, zomwe pa Phillips ndi Ziegler-Natta zimachitika mongoyesayesa. Pepala la metallocene ndi lolimba zedi pobowoka, lowala, lomatika pa kutentha kochepa, moti wopanga atha kulichepetsa makulidwe koma osataya mphamvu. Koma mtengo abale. MAO ndi wodula chifukwa trimethylaluminium ndi wodula, ndipo pa zirconium imodzi pamafunika ma aluminium mazana kapena masauzande, mpaka nthawi zina wodzutsayo amadya ndalama kuposa catalyst mwini wakeyo. Chachiwiri, kufanana kwa maunyolo kuja kumavuta mu mashini, pulasitiki wosungunuka amalimba kukankha, mota imatentha, pepala limatuluka ndi khungu lokhakhala. Mukudziwa mankhwala ake? Amasakanizamo LDPE wa 1933 uja kuti zinthu ziyende. Watsopano akudalira gogo wake. Pa polypropylene ndiye metallocene yalephereratu kulanda msika, pafupifupi yense akupangidwabe ndi Ziegler-Natta.

Kuli enanso atsopano, a nickel ndi palladium omwe Maurice Brookhart anatulutsa mu 1995 amene chitsulo chimayenda chokha pa unyolo nkumapanga nthambi popanda hexene, ndi ena ambiri opanda mphete zija. Mu labu ndi osangalatsa koma pa katundu yemwe amafika pa Dyeratu gawo lawo ndi lochepa, tiwadutse.

Chomwe chimandisangalatsa nchakuti katundu wabwino kawirikawiri sasankha njira imodzi. Malona aja omwe ankagawidwa m'makampu pa nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023, mukawayang'anitsitsa pomwe ang'ambika muona timizere takuda tolukidwa mkati, kunja kuli kachikopa kosalala mbali zonse ziwiri. Timizereto ndi HDPE yochita kukokedwa kuti ilimbe, kachikopako ndi LDPE yotchinga madzi. Matumba a PICS osungira chimanga, mapira ndi khobwe popanda mankhwala nawo ndi chimodzimodzi, mkati muli matumba awiri a HDPE okhuthala ma micron 80 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita) otsekereza mpweya kuti anankafumbwe abanike, kunja kuli thumba lolukidwa la polypropylene lonyamula kulemera. Pomwe ma jumbo opyapyala aja ophokosera, omwe boma linaletsa mu 2015, onse ochepera ma micron 60, ndipo Supreme Court inavomereza chiletsocho mu 2019, ambiri ndi HDPE, ofewa osaphokosera ndiwo LDPE kapena LLDPE. Vuto lawo silinachokere ku catalyst, nkupyapyala ndi kutayidwa paliponse.

Pali funso lomwe limabwera nthawi zonse tikamacheza za izi, loti nanga ife ndi nzimbe zonsezi za ku Nchalo, Kasinthula ndi Phata sitingapange pulasitiki wathu? Pa chemistry yokha zotheka. Ethanol ukamudutsitsa pa alumina yotentha amataya madzi nkusanduka ethylene, ndipo catalyst ya Ziegler siifunsa kuti ethylene wachokera ku nzimbe kapena ku mafuta. Braskem ku Triunfo, Brazil, ikuchita zimenezi kuyambira 2010, inayamba ndi matani 200,000 pa chaka. Koma tiwerengere: tani imodzi ya ethylene imafuna matani osachepera 1.64 a ethanol, ndiye fakitale ngati imeneyo imamwa malita oposa 400 miliyoni pa chaka. Ethanol wa PressCane kuno ku Chikwawa kuphatikiza wa ku Dwangwa safika olo gawo limodzi mwa magawo khumi a pamenepo, komanso ali kale ndi ntchito, dziko lino lakhala likusakaniza ethanol mu petulo kuyambira 1982. Ndipo musanamizidwe ndi mawu oti pulasitiki wa nzimbe, ndi polyethylene yemweyo, saola, mbuzi ikamudya imatupa mimba chimodzimodzi. Ndiye pakadali pano mafakitale a ku Blantyre amagula timibulu topangidwa kale kunja nkumasungunula, kusankha kwathu kuli pa kugula.

Mukandifunsa ine kuti pa zinayizi nditenge iti, Ziegler-Natta, osaganizanso kawiri. Si yapamwamba kuposa zonse koma ndi yokhayo yomwe imakupatsa HDPE, LLDPE ndi polypropylene pa mtengo womwe mlimi wa ku East Bank angaufikire. Phillips ndiisiyira zigubu ndi migolo, pamenepo palibe woigwetsa. Metallocene ndingailipirire pokhapokha pomwe pepala lopyapyala likuyenera kupirira kubowoka, monga la greenhouse kapena lokulungira katundu wa pa thiraki, koma kulipira mtengo umenewo pa ndowa yochapira nkuwononga ndalama. Ya puresha yaikulu ija ikhalapobe ngati chosakanizira ndi chomatira.

Komabe ndinene mosabisa, zinthu zambiri zomwe zimatifera kuno sizifa chifukwa cha catalyst. Dzuwa la Okutobala ku Ngabu ndi ku Bangula, kutentha kukupitirira 40°C, limadula maunyolo a pulasitiki aliyense kaya anapangidwa ndi zirconium yodula bwanji. Polypropylene ndiye amafulumira kwambiri chifukwa pa carbon iliyonse yomwe pali kamchira kaja mpofooka, oxygen imalowera pomwepo. Siyani thumba la feteleza padenga miyezi ingapo, mukadzalinyamula chala chimangolowa, m'manja mwatsala ufa woyera. Chomwe chimateteza ndi zomwe amathiramo pambuyo, mankhwala oletsa UV, cheza cha dzuwa choononga chija, ndipo pa mapaipi ndi ufa wakuda wa carbon black wa pakati pa 2 ndi 2.5 peresenti womwazika bwino. Nchifukwa chake paipi yabwino ya panja imakhala yakuda bii, osati yotuwa. China ndi pulasitiki wobwezerezedwanso, polyethylene ndi polypropylene akasungunulidwira pamodzi sagwirizana, beseni lake limaoneka bwino pa msika koma likagwa kamodzi ndi madzi lang'aluka. Kayeso kosavuta: dulani kachidutswa muponye mu kapu ya madzi. HDPE, LDPE ndi polypropylene zonse zimayandama chifukwa nzopepuka kuposa madzi, PVC imamira. Ngati wogulitsa akuti ndi HDPE koma kakumira, ndiye kuti mwadzaza choko kapena si HDPE nkomwe.

Pa mapaipi ndifotokoze bwino chifukwa ndi ngalande ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira komanso mapampu a sola omwe achuluka m'madimba, anthu ambiri akugula. Pa paipi yeniyeni pamalembedwa mzere wa zilembo mobwerezabwereza, muyang'ane PE80 kapena PE100, kenako PN ndi nambala yosonyeza ma bar omwe paipiyo imapirira. PE100 ikutanthauza kuti pulasitikiyo anayesedwa kuti apirire 10 MPa kwa zaka 50 pa kutentha kwa 20°C, PE80 ndi 8 MPa. Ma PE80 ambiri akale ndi a chromium, pomwe PE100 ambiri ndi a Ziegler-Natta opangidwa mu ma reactor awiri otsatizana. Mu woyamba amathira hydrogen wambiri kuti apeze maunyolo aafupi owongoka opatsa kuuma, mu wachiwiri amachepetsa hydrogen nkuthira butene kapena hexene kuti apeze aatali anthambi omwe amamanga zonse pamodzi kuti mng'alu usayende. Mwaona, chofooka chija choti hexene amalowa molakwika anachizungulira pongogawa ntchito pawiri, osasintha chitsulo. Phindu lake nloti pa puresha yomweyo PE100 imakhala ndi khoma lopyapyalako, mkati motakasuka, madzi ambiri.

Koma 20°C imeneyo ndi ya ku Ulaya, kuno madzi a mu paipi yogona padzuwa masana amachita kuwotcha dzanja. Muyezo wa mapaipi amenewa umati pa 30°C uchulukitse ndi 0.87, pa 40°C ndi 0.74, ndiye PN10 yanu ija masana a Novembala ndi 7.4 bar basi, ndipo ikatentha kuposa apo imatsikabe. Ngati pampu yanu ikukankha pafupi ndi malire gulani PN yokwererapo, apo ayi ikwirireni pansi. Komanso polyethylene amatanuka kwambiri ndi kutentha, paipi ya mamita 100 itha kutalika masentimita 30 mpaka 40 kutentha kukasintha ndi madigiri 20 okha. Mukailumikiza masana itatanuka nkuikoka kuti iwongoke, usiku imabwerera nkusolola pa joini, m'mawa mupeza dimba la mnzanu lathiriridwa ulere. Muziigoneka mokhotakhota pang'ono mu ngalande, ndipo kulumikiza komaliza ndi kukwirira muzichita m'mamawa isanatenthe.